Kompyuta Sidziwa Mwezi Wopalira

Masiku ano, pamene sukulu, kiliniki kapena ulalo ufuna kumangidwa kumudzi, nchitoyo imayamba kulongosoledwa m'kompyuta khasu lisanagunde nthaka. Mainjiniya ndi makontrakitala ambiri ali ndi mapulogalamu amene amalembamo nchito iliyonse, tsiku loyambira, tsiku lotsirizira, maina a amisiri ndi ciwerengero ca maola amene aliyense adzagwira. Pepala likatuluka m'makina limaoneka bwino ndithu: mizere yoongoka, masabata olingana, ndi tsiku lotsegulira nyumbayo litalembedwa kumapeto. Koma anthu a m'midzi, amene manja ao ndiwo adzanyamula mcenga ndi kutunga madzi, kawirikawiri saliona pepalalo, ndipo sapezeka wowafunsa ngati maola olembedwawo alipodi m'miyezi imene aikidwamo.

Kale nkhani iyi siinali yaikulu, pakuti ndalama zofika kumadera zinali zocepa. Mu 2021 dera lililonse la phungu linalandira K1.6 miliyoni m'thumba la CDF. Mu 2022 ndalamazo zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 zinali K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni pa dera lililonse mwa madera 156. Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku zomangamanga. Tsono ndalama zinaculuka ka 16 m'caka cimodzi, koma amisiri a ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi sanaculuke ka 16, ndipo miyezi ya cilimwe siinaonjezeke ai. Nchito zambiri zikulimbirana manja omwewo ndi miyezi yomweyo. Ici ndico cifukwa cace kagawidwe ka maola kasanduka nkhani yofunika kuikamba pa bwalo.

Ndi bwino kuti awerengi amvetse m'mene makina awa amawerengera, pakuti mulibe matsenga m'menemo. Pulogalamu yodziwika kwambiri ndi Microsoft Project, imene inayamba kugulitsidwa mu 1984. Makampani akuluakulu amakonda ina yochedwa Primavera, ndipo iliponso yaulere yochedwa ProjectLibre. Zonsezi zimayenda pa samu yapafupi imene mwana wa sukulu angaicite pa silete: maola a nchito kuwagawa ndi anthu ogwira, ndi kuona masiku amene atulukapo. Kalaliki akauza makina kuti kukumba maziko kufuna maola 160 ndi kuti okumba alipo 4, makina amayankha kuti nchitoyo idzatenga masiku 5, cifukwa Microsoft Project ikangotsegulidwa imayesa kuti munthu aliyense amagwira maola 8 pa tsiku, kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu, ndiwo maola 40 pa sabata. Ndipo ngati palibe waiuza zosiyana, imagawa maolawo mofanana tsiku ndi tsiku kuyambira poyamba kufikira kumapeto, monga mai wogawa nsima m'mbale zolingana. Kagawidwe kameneka amakacha Flat.

Kuwerengera kotere kuli ndi kwao kumene kunabadwira. Mizere yoonetsa nchito pa kalendala anaifalitsa ndi Henry Gantt, injiniya wa ku America, m'zaka za m'ma 1910, pofuna kulongosola nchito za m'mafakitale. Njira yopezera nchito zimene zikacedwa zimacedwetsa zonse anaipanga mu 1957 a kampani ya DuPont pamodzi ndi a Remington Rand, naonso anali kuganiza za mafakitale. M'fakitale muli denga, belu limalira nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo ola la mu Disembala lilingana ndi ola la mu Juni. Wanchito wa m'menemo alibe munda umene ukumuyembekeza. Koma ku Vubwi, ku Sinda kapena ku Nyimba, ola la mu Disembala ndi ola la mu Juni ndi zinthu ziwiri za mitengo yosiyana kutali.

Aliyense amene anagwirako khasu adziwa zimenezi. Kuyambira mu Juni kufikira mu Okutobala cimanga cili m'nkhokwe, miseu ndi youma, cikocikale cimafika ku mtsinje kukatapa mcenga, ndipo njerwa zikaumbidwa zimauma popanda mantha. Munthu angathe kupereka tsiku lathunthu ku nchito ya sukulu osaluza kanthu. Mvula ikagwa mu Novembala zonse zimatembenuka. Mlimi ali ndi masiku owerengeka oti abzale, ndipo udzu umamera pamodzi ndi mbeu. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti cimanga cifuna munda woyera makamaka m'masabata 6 oyamba, ndipo m'masabata omwewo ndimo mofunika kuthira feteleza waciwiri. Tsiku limene mlimi sanapalire mu Disembala silibwezedwa mu Febuluwale. Limakaonekera m'nkhokwe mu Meyi. Ndiponso Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene ufa umacepa m'nyumba zambiri, malungo amaculuka, ndipo anthu ena amapita kuganyu kukafuna ca lero.

Pano pakhale citsanzo congoyerekezera. Mudzi wina wagwirizana kumanga zipinda zitatu za sukulu. Nchito za manja, monga kuumba njerwa, kuphwanya miyala, kututa mcenga ndi kuthandiza amisiri, zifuna maola 4,000, ndipo ogwira ndi anthu 10. Nchito iyamba kuciyambi kwa Seputembala ndi kutenga masabata 20, ndiko kuti idzatha pakati pa Januwale. Makina akasiyidwa okha adzalemba maola 200 pa sabata iliyonse, maola 20 kwa munthu aliyense, kuyambira sabata yoyamba kufikira yotsiriza. Samu yace ndi yoona, palibe angaitsutse. Koma mu Seputembala ndi Okutobala anthu aja akanatha kupereka maola 30 pa sabata mosabvuta, pamene mu Disembala ngakhale maola 20 ndi olanda munda. Munthu wodziwa mudzi akanalemba maola 300 pa sabata m'masabata 10 oyamba, ndiwo maola 3,000 mvula isanakhazikike, ndi kusiya maola 100 okha pa sabata m'masabata 10 otsiriza. Onse pamodzi ndi 4,000 omwewo, anthu ndi omwewo, malipiro ndi omwewo. Cosiyana ndi cakuti denga likanakhomedwa mvula isanalimbe, ndipo zotsalira m'dzinja zikanakhala za m'kati, monga pulasitala, magalasi ndi utoto, zimene munthu angazigwire madzulo atacokera kumunda.

Cimene cimacitika pepala lolingana lija likatsatidwa ncomvetsa cisoni. M'miyezi ya dzuwa kapitao amaweruka ndi anthu ace masana, cifukwa pepala likuti za sabata ino zakwana, ndipo simenti ya mwezi wamawa siinafike. Mu Disembala amaimba citsulo m'mawa nabwera anthu awiri. Makoma opanda denga amamwa madzi, njerwa zosaocha zimabwerera ku dothi, matumba a simenti amauma m'sitolo. Kenaka lipoti limalembedwa kunka ku khonsolo lakuti anthu a mudzi wakuti alibe cidwi ndi citukuko. Anyakwawa amaitanidwa kukafotokoza, ndipo mbiri ya ulesi imamatidwa pa anthu amene tsiku lomwelo anadzuka m'bandakuca nawerama m'mizere kufikira dzuwa litapendeka. Kuneneza kotere nkosalungama. Coipa coposa ndi cakuti amene amabwerabe ku nchito m'mwezi wopalira ndi a m'nyumba zosauka, amene sangakane ndalama ya lero. Iwowa ndiwo amasiya minda yao ku udzu, ndipo caka cotsatira amasauka kuposa kale. Sukulu yomangidwa motero yalipiridwa kawiri, koyamba ndi Boma, kaciwiri ndi nkhokwe za amphawi.

Mlandu suli pa makina, pakuti njira yokonzera zimenezi ilimo kale m'makina momwemo. Microsoft Project ili ndi mitundu 8 ya kagawidwe ka maola. Kuonjezera pa Flat, ulipo Front Loaded umene umaunjika maola kumayambiriro, Back Loaded umene umawaunjika kumapeto, Bell umene umakwera pang'onopang'ono ndi kutsikanso, ndi ina yotere. Nchito yoyamba m'cilimwe ndi kulowa m'dzinja ifuna maola ounjikidwa kumayambiriro. Nchito yoyamba mu Epulo, anthu akali kukolola, ifuna kuyamba pang'ono ndi kulimba mu Juni. Komabe kalaliki acenjere, cifukwa akangosankha mtundu wina makina angathe kutalikitsa nchito ndi kukankha tsiku lotsirizira, popeza salola munthu kupitirira muyeso umene anapatsidwa pa tsiku. Njira yabwino koposa ndi yolemba maola ndi dzanja, sabata ndi sabata, monga m'mene anthu eni ace anenera. Pulogalamuyo imalola zimenezo. Cimafunika ndi kalaliki amene wacoka pa mpando wace nakakhala pansi pa mtengo ndi anthu, kope lili m'manja.

Pali bvuto lina limene makina amalidziwa bwino kuposa munthu, ndipo apa ayenera kuyamikidwa. M'madera ambiri mmisiri wodziwa kukhoma denga kapena kuika mapaipi ndi mmodzi yekha, ndipo kontrakitala amene wapata nchito zitatu amalemba dzina lace pa zonse zitatu. Pa pepala lililonse palokha zonse zimaoneka zolongosoka. Mapepalawo akaphatikizidwa m'kompyuta, dzina la mmisiriyo limasanduka lofiira, kusonyeza kuti wapatsidwa maola 16 kapena 24 pa tsiku limodzi. Kope la kapitao silingaone zimenezo, cifukwa kapitao aliyense aona nchito yace yokha. Makina ali ndi batani losalaza maola otere, koma kusalaza kwace ndi kungocedwetsa kapena kudula pakati nchito imodzi kuti inzace iyambe yatha. Safuna mmisiri wina ai. Tsono ngati nchito yokankhidwayo ndi denga la kiliniki, ndipo yakankhidwira mu Disembala, kufiira kwacoka pa kompyuta koma madzi alowa m'nyumba. Kusankha denga limene liyambe ndi mlandu wa anthu, wofunika khansala, mafumu ndi komiti, osati batani. Ndipo khonsolo iyenera kuona nchito zonse za m'dera pamodzi, pakuti ndiyo yokha imene ingadziwe kuti makontrakitala awiri akudalira mmisiri mmodzi.

Samu ija ili ndi msampha winanso. Imanena kuti anthu akawirikizidwa, masiku amacepa ndi theka. Pokumba ngalande zimenezo nzoona. Koma konkire ifuna kuthiriridwa masiku osacepera 7, ndipo mainjiniya amayesa mphamvu yace pa tsiku la 28. Anthu 100 sangaiumitse msanga kuposa munthu mmodzi. Njerwa ziyenera kuuma zisanalowe mu uvuni, ndipo uvuni uyenera kuzizira usanapasulidwe. Pamene nchito yacedwa, akuluakulu amakonda kulamula kuti mudzi wonse utuluke. Kawirikawiri anthu amangounjikana pa malo opanda cocita, tsiku la kumunda litapita pacabe.

Maola amene salembedwa konse ndi a amai. Pepala limachula womanga, kalipentala ndi wopaka utoto, koma madzi oumbira njerwa, osakanizira simenti ndi othiririra konkire safika okha. Kumene kulibe mjigo pafupi, amai ndi atsikana ndiwo amawasenza pamutu, ndipo ndi mu Seputembala ndi Okutobala, miyezi yabwino yomangira ija, pamene zitsime zimaphwa ndi ulendo wa kumadzi umatalika. Cotero kuunjika nchito m'cilimwe, kumene kumapeputsa abambo, kungathe kulemetsa amai ngati madzi sanaganiziridwe. Kutunga madzi kulembedwe monga nchito payokha, ndi maola ace ndi malipiro ace, kapena pakhale ngolo ndi migolo. Mai amene wasenza ndowa za sukulu m'mawa akali ndi mphika, nkhuni ndi mwana wodwala kunyumba, ndipo tsiku lace lilibe maola 8 opanda mwini.

Kalendala ya m'makina nayonso ifuna kuphunzitsidwa za dziko lino. Imayamba ndi maola 40, pamene lamulo la za nchito la mu 2019 limaika maola 48 pa sabata, ndipo opitirira pamenepo amalipiridwa moonjezera. Siidziwa Lolemba loyamba la Julaye ndi Laciwiri lotsatira, Tsiku la Alimi la mu Ogasiti, 18 Okutobala kapena 24 Okutobala, kufikira munthu atailembera, ndipo masiku onsewa ali m'miyezi yomangira. Siidziwa kuti kumapeto kwa Ogasiti Acewa amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba, kapena kuti kumapeto kwa Febuluwale Angoni ali ku Mtenguleni pa Nc'wala. Maliro sangalembedwe pa kalendala, koma palibe mudzi umene umatha masabata 20 wopanda maliro, ndipo maliro amaimitsa nchito masiku awiri kapena atatu. Wolemba wanzeru amasiya mpata wa zimenezo. Siidziwanso kuti mmisiri wopalasa njinga maola awiri m'mawa ndi awiri madzulo sangapereke maola 8 pa khoma, kapena kuti kucigwa ca Luangwa mitsinje monga Lupande ikadzaza, lole ya simenti imaima tsidya lina.

Koma kunena zoona, zonsezi sizingatheke ngati ofesi siisunga nyengo. Caka ca ndalama za Boma cimayamba mu Januwale, mvula ili pakati. Zimenezi zikanakhala mwai, pakuti miyezi ya Januwale kufikira Epulo ndiyo yoyenera misonkhano, kuyesa malo, kusankha makontrakitala ndi kusaina mapangano, kuti pofika Meyi kapena Juni simenti ndi malata zikhale zili pa malo. Pamene mapepala azungulira m'maofesi kufikira mu Okutobala, ndipo kontrakitala apatsidwa malo mitambo itayamba kale kusonkhana, palibenso kagawidwe ka maola kamene kangapulumutse nchitoyo. Zikatero kuli bwino kunena poyera kuti maziko akumbidwe caka camawa, kusiyana ndi kuyamba mwamanyazi ndi kusiya cigumula. Makontrakitala naonso ali ndi dandaulo lomveka: kuunjika nchito kumayambiriro kufuna ndalama zambiri kumayambiriro, ndipo kontrakitala wamng'ono wa m'dera alibe nkhokwe yolipirira anthu ndi kugula zipangizo asanalandire. Ngati khonsolo ifuna nchito ithamange m'cilimwe, injiniya afike msanga kudzayesa zimene zacitika, ndi malipiro atuluke msanga. Anthu a ku Chipata sasowa wowakumbutsa za njanji ya ku Mchinji, ya mtunda wosafika makilomita 30, imene inayambidwa mu 1982 ndi kutsegulidwa mu 2010. Imeneyo siinacedwe cifukwa ca mwezi wopalira.

Mu 2024, pamene cilala cinaononga minda ndipo Boma linalengeza tsoka la dziko lonse mu Febuluwale, kunayamba nchito ya Cash for Work, imene anthu anali kugwira masiku 10 pa mwezi ndi kulandira K600. Masiku 10 amasiyira munthu masiku ena a kumunda, ndipo kumeneko kunali kuganiza bwino. Komabe funso la masiku ati ndi maola ati limatsala nthawi iliyonse pamene nchito yotere ikonzedwa. Masiku 10 otsatizana m'sabata zobzala si amodzi ndi masiku 10 omwazikana m'mwezi, ndipo nchito ya m'mawa m'dzinja si imodzi ndi ya madzulo.

Makomiti a citukuko ca m'mawodi, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la maboma aang'ono la mu 2019, ndiwo ali pafupi ndi anthu, ndipo udindo uwu uwagwera iwo. Safunikira kudziwa kompyuta. Safunsa anadya phula, iwo angofunsa. Nchito isanayambe apemphe pepala losonyeza maola a sabata iliyonse, osati tsiku loyamba ndi lotsiriza lokha, ndipo liwerengedwe pa msonkhano m'cinenero ca anthu. Akaona kuti Disembala walembedwa maola olingana ndi Seputembala, alibweze. Afunse maina a amisiri ndi nchito zina zimene amisiriwo alembedwako. Afunse amene adzatunga madzi ndi kumene madziwo ali mu Okutobala. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo akhalepo pa msonkhanowo, pakuti ndiye amasunga kalendala ya minda, ndipo amai alankhule za maola ao iwo eni.

Nchito ikayamba, kapitao alembe m'kope maola amene agwiridwadi tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa sabata ziwerengerozo zipite ku khonsolo, ngakhale pa foni, kuti zilowe m'makina m'malo mwa zongoyerekezera zija. Makina akapatsidwa zoona amawerengeranso tsiku lotsirizira nthawi yomweyo, ndipo kucedwa kumaoneka mu Seputembala, pamene kukali kotheka kuonjezera anthu kapena kucepetsa zofuna, osati mu Januwale. Pepala latsopano limatidwe pa citseko ca sukulu kapena pa bwalo la anyakwawa Lolemba lililonse, pambali pa lija loyamba, kuti wodutsa aliyense aone maola amene analonjezedwa ndi amene agwiridwa.